Tizirombo Todya Mbewu pa Zilumba: Dziwani Mdani ndi Mfunda Wake

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi m'nthawi ya achikumbe. Taisindikiza pano kuti amene sanaimve aiwerenge, ndi kuti mafumu aiwerengetse pa bwalo.



Mlendo akafika pamudzi kudzapempha malo, amfumu samlozera munda pomwepo ai. Ayamba amfunsa dzina lake, mfunda wake, ndi kumene wachokera. Iye akati ndine Phiri wa kwa uje, akulu a pamudzi adziwa abale ake, adziwanso kumene akatule mlandu munthuyo akadzalakwa. Madzulo ano ndifuna kukuuzani kuti mafunso atatu omwewa tiyenera kufunsa za kachirombo kali konse kachilendo kamene takapeza m'munda. Munthu wothamangira kupha kachirombo asanakadziwe ataya ndalama zake, ndipo nthawi zina apha bwenzi lake lomwe.

Kuti mumvetse bwino, ndikutengerani kutali, ku zilumba za m'nyanja zazikulu za mchere, kumene kumatentha monga kuno. Chilumba ndi dziko lozingidwa ndi madzi mbali zonse, monga Likoma ndi Chizumulu m'nyanja yathu. Anthu a pa zilumba kawirikawiri adalira mbewu imodzi kapena ziwiri, ndipo mbewuyo ikatha alibe kothawira. Kachirombo kofika ndi sitima kasiya adani ake kwao, tsono kaswana popanda wokaletsa. Zimene anthu amenewo anaphunzira ndi misozi, ife tingaziphunzire tiri khale pa mphasa. Koma tisananyamuke, tiyambe taona thupi la kachirombo, kuti tikafika kumeneko tidziwe chimene tirikuyang'ana.

THUPI LA KACHIROMBO

Mawa m'mamawa, mame asanakamuke, gwirani chiwala, pakuti nthawi imeneyo sichitha kuuluka msanga. Chiyang'anitsitseni. Mudzaona kuti thupi lake lagawika patatu: mutu, chifuwa ndi mimba. Pamutu pali maso awiri akulu, tinyanga tiwiri tonunkhizira ndi kukhudzira zinthu, ndi kamwa. Pachifuwa pali miyendo 6 ndi mapiko 4. M'mimba muli matumbo ndi mazira. Chiwala chiribe mafupa m'kati. Khungu lake louma ndilo fupa lake, ndipo popeza khungulo silikula, chifundula kangapo monga njoka chisanafike msinkhu. Chiribenso mphuno yopumira. Chipuma ndi timabowo tating'ono ta m'nthiti mwake, ndipo mafuta ena opopera mbewu apha tizirombo tofewa pakutseka timabowo timeneti.

Nthawi zonse werengani miyendo. Mbozi ioneka ngati iri ndi miyendo yambiri, koma yeniyeni ndi 6 ya pafupi ndi mutu. Ina ija ndi timinofu togwirira tsamba. Kangaude ali ndi miyendo 8, ndipo thupi lake lagawika pawiri pokha. Kangaude wofiira uja wa pa matimati ndi mbale wa kangaude, si mbale wa chiwala ai. Ndicho chifukwa chake mankhwala ambiri a mbozi samgwira.

Chinthu chachikulu kwa mlimi ndicho kamwa. Tizirombo todya mbewu tiri pawiri: totafuna ndi toyamwa. Totafuna tiri ndi nsagwada ziwiri zolimba zoyenda cham'mbali ngati sizasi. Kumene tadya pakhala mabowo, masamba odukaduka, phesi lobooka, ndi ndowe zonga utuchi. Toyamwa tiri ndi mlomo wonga singano, umene pa nsabwe za m'masamba uli woonda koposa tsitsi. M'kati mwa singanoyo muli timipata tiwiri: kena kotsitsira malovu mu mmera, kena kokwezera madzi a mmera. Bowo silioneka, tsamba lingopiringizika, lichita chikasu, mmera nupinimbira. Ndipo m'malovu aja ndimo muyenda matenda kuchokera ku mmera wodwala kunka ku wamoyo.

Taonani tsono. Mankhwala okhala pamwamba pa tsamba, oti kachirombo kameze, apha totafuna. Toyamwa tiboola tsamba ndi kumwa za m'kati osameza mankhwalawo. Mlimi wosayang'ana kamwa angathe kupopera munda wonse pachabe.

Kakulidwenso kali pawiri. Chiwala ndi nsabwe za m'masamba zibadwa zofanana ndi make, mapiko okha ndiwo asowa. Koma gulugufe, chikumbu, ntchentche ndi mavu zisintha kanai: dzira, mbozi kapena mphutsi, chikwa, ndi wamkulu. Kapuchi wa m'phesi la chimanga ndi gulugufe wotuwa wa usiku amene aikira mazira ake ndi chamoyo chimodzi. Gulugufeyo sadya chimanga, koma ndiye abweretsa mlandu.

MAINA NDI MIFUNDA

Mitundu ya tizirombo ta miyendo 6 imene yapatsidwa maina iri pafupifupi 1,000,000, ndipo yambiri ikali yosatchulidwa. Kuti anthu a maiko onse amvane, Carl Linnaeus wa ku Sweden anakhazikitsa mwambo wopatsa chamoyo chiri chonse maina awiri a Chilatini, ndipo maina a nyama ndi tizirombo awerengedwa kuyambira pa buku lake la 1758. Dzina loyamba liri ngati mfunda, kapena kuti chiwongo. Lachiwiri ndi la mwini wake. Kapuchi wathu ndi Busseola fusca.

Wina anganene kuti maina athu a Chichewa akwanira. Inde akwanira pamudzi, koma dzina limodzi nthawi zina liphimba adani awiri. Ntchemberezandonda za kale, zobwera ngati gulu la nkhondo ndi kutha msanga, ndi Spodoptera exempta. Zimene zinaoneka mu Africa mu 2016 kuchokera ku America, zobisala m'nsonga ya chimanga, ndi Spodoptera frugiperda. Mfunda ndi umodzi, koma khalidwe ndi losiyana. Yachilendoyi iri ndi mzere wamphanda pamphumi, ndi madontho anai akuda oima ngati ngodya za nyumba pafupi ndi mchira.

Mifunda yofanana isonkhanitsidwa m'banja, ndipo mabanja asonkhanitsidwa m'mafuko akulu, amene ambiri atchedwa ndi maonekedwe a mapiko. Coleoptera ndi zikumbu ndi anankafumbwe: mapiko a pamwamba ndi olimba ngati chigoba, ndipo akomana mu mzere woongoka pamsana. Fuko ili ndilo lalikulu, liri ndi mitundu yoposa 350,000, ndipo litafuna. Lepidoptera ndi agulugufe a usana ndi a usiku: mapiko awo ali ndi timamba totsala pa chala ngati fumbi, ndipo mbozi zawo zitafuna. Orthoptera ndi ziwala, dzombe, nunkhadala ndi nkhululu, za miyendo yakumbuyo yolumphira. Hemiptera ndi fuko la oyamwa: nsabwe za m'masamba, kodikodi, nyenje, nsikidzi, ndi ntchentche zoyera, zimene ziri ntchentche pa dzina lokha. Diptera ndi ntchentche zenizeni ndi udzudzu, za mapiko awiri okha. Hymenoptera ndi mavu, njuchi ndi nyerere. M'mafuko awiri otsirizawa muli abwenzi ambiri a mlimi.

Akatswiri asiyanitsa mitundu poyang'ana pa galasi lokuza zinthu: mitsempha ya mapiko, tiubweya, timabowo ta pakhungu, ndi ziwalo zoberekera. Kachirombo kamene dzina linaperekedwa pa iko kasungidwa m'nyumba yosungira zinthu, monga Natural History Museum ya ku London, kuti wokaika akafanizire. Ntchito yonseyi iri ndi phindu limodzi lalikulu kwa mlimi: abale kawirikawiri adya mofanana, ndipo ali ndi adani ofanana. Mverani tsono zimene zinachitika ku Fiji.

KAGULUGUFE KA KU FIJI

Fiji ndi dziko la zilumba zoposa 300 m'nyanja ya Pacific, kum'mawa kwa Australia. Chuma cha anthu ambiri kumeneko chinali mtengo wa ngole, umene ena amati kokonati. Ngole anali kudya, madzi ake anali kumwa, masamba anali kufolera nyumba, ndipo mnofu wake wouma, wotchedwa kopra, anali kugulitsa kunja kuti akayenge mafuta ndi kupanga sopo.

Pa chilumba chachikulu cha Viti Levu panali kagulugufe kakang'ono kabuluu konyezimira, kouluka usana. Mbozi zake zinali kupala kunsi kwa masamba a ngole kufikira mtengo wonse uoneka ngati wawauka ndi moto. Mtengo wotere subala, ndipo ukadyedwa kawirikawiri ufa. Anthu anayamba kudandaula nako m'zaka za m'ma 1870. Mu 1906 kanapatsidwa dzina la Levuana iridescens, ndipo banja lake ndi Zygaenidae. M'zaka za m'ma 1920 kanayamba kuolokera ku zilumba zoyandikana, boma niliopa kuti kafika ku Vanua Levu ndi ku Taveuni, kumene kunali minda yaikulu ya ngole.

Boma linalemba ntchito amuna atatu odziwa za tizirombo: J. D. Tothill, T. H. C. Taylor ndi R. W. Paine. Poona kuti kagulugufeko kanalibe mdani weniweni ku Fiji, anthu anaganiza kuti ndi kachilendo, nafunafuna kwao ku zilumba zina. Sanakapeze kwina kuli konse. Apa ndi pamene chibale chinathandiza. Ku Malaya, kumene lero ndi Malaysia, kunali kagulugufe kena ka banja lomwelo, Artona catoxantha, kamene mbozi zake zidya masamba a ngole m'njira yomweyo. Kumeneko sikanali kusautsa zaka zonse, chifukwa kanali ndi adani. Mmodzi wa adaniwo anali ntchentche yotchedwa Bessa remota. Ntchentche imeneyi iikira dzira pa khungu la mbozi. Mphutsi yake ikaswa iboola khungulo, nidya mbozi m'kati kufikira yafa. Amuna aja anaganiza kuti mdani wa mbale angakhalenso mdani wa Levuana.

Kutumiza ntchentchezo kunali kovuta. Ulendo wa sitima unali wa masabata angapo, ndipo ntchentche sikhala moyo nthawi yotere. Tsono Taylor anakweza m'sitima timitengo ta ngole tamoyo m'zikwere zotchinga, pamodzi ndi mbozi zambiri za ku Malaya, kuti ntchentche ziziswana m'njira. Sitima inafika ku Suva mu Ogasiti 1925, ntchentche zamoyo zitatsala zoposa 300 pang'ono. Zinalandira mbozi za Levuana ngati chakudya cha kwao. Anaziweta, natulutsa zoposa 30,000 m'minda. Pofika 1929 kagulugufe kaja kanali kosowa, ndipo mitengo ya ngole inaphukanso.

Koma nkhani iyi iri ndi mbali yachiwiri. Papita zaka zambiri tsopano Levuana osaoneka. Akatswiri ena akhulupirira kuti kanatheratu pa dziko lonse, ena ati katsala m'nkhalango. Enanso aganiza kuti sikanali kachilendo konse, koma kobadwira ku Fiji komweko. Ntchentche ija inagwiranso mbozi za agulugufe ena osalakwa. Akulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kakuthwa kangathenso kucheka mwini nyumba. Chifukwa chake masiku ano mdani wochokera kunja ayamba wayesedwa m'nyumba yotseka, kuti aone ngati sadzadya zina, asanamtulutse m'minda.

CHIKUMBU CHA NYANGA KU SAMOA

Kumpoto cha kum'mawa kwa Fiji kuli zilumba za Samoa. Mu 1909 kumeneko kunafika chikumbu chotchedwa Oryctes rhinoceros, ndipo akhulupirira kuti chinabisala m'dothi la mbande za mitengo ya mphira zochokera ku Ceylon, kumene lero ndi Sri Lanka. Ndi chikumbu chakuda, chachikulu ngati chala chamanthu, chokhala ndi nyanga imodzi pamutu. Dzina lake lachiwiri litanthauza chipembere. Thupi lake likuuzani ntchito yake. Miyendo yakutsogolo iri ndi mano okumbira, ndipo nyanga ndi yokankhira. Ndi zimenezi chiboola pansonga pa mtengo wa ngole usiku, chilowa kumene kuli masamba anthete osatambasuka, chiwaphwanya ndi kumwa madzi ake. Masambawo akatambasuka aoneka ngati adulidwa ndi sizasi. Chikafika pa mtima mtengo ufa, pakuti mtengo wa ngole uli ndi nsonga imodzi yokha yophukira.

Ana ake sadya mtengo wamoyo. Ndi mphutsi zoyera zonenepa, zopindika, za mutu wofiirira, zofanana ndi zimene mupeza pofukula manyowa m'khola; ndipo ziridi za banja limodzi. Zikhala m'zitsa zoola, m'mitengo yakugwa, ndi m'milu ya utuchi ndi manyowa. Podziwa ichi, boma la kumeneko linalamula anthu a m'midzi kusaka mphutsi ndi zikumbuzo. Komabe chikumbucho chinafala ndi sitima: chinafika ku Palau mu 1942 ndi ku Fiji mu 1953. Ku Palau chinapha pafupifupi theka la mitengo ya ngole m'zaka 10. Mu 1963 Alois Huger wa ku Germany anapeza ku Malaysia matenda a vairasi ogwira matumbo a chikumbuchi. Mu 1967 matendawo anafalitsidwa ku Samoa, kenaka ku zilumba zina, ndipo kwa zaka zambiri chikumbu chinachepa mphamvu.

Koma mu 2007 chinaoneka pa chilumba cha Guam, ndipo vairasi uja atamyesa sanachiphe monga kale. Poyang'ana ndi maso, ngakhale pa galasi, chinali chimodzimodzi. Kusiyana kunapezeka poyesa DNA, ndiko kuti zizindikiro za chibadwa zimene ziri m'kati mwa thupi: linali gulu lina la mtundu womwewo. Gulu limeneli linafika ku Hawaii mu 2013 ndi ku Solomon Islands mu 2015. Ndiye kuti maso a mlimi ayamba ntchito, koma nthawi zina aimaliza ndi akatswiri.

MITENGO YA PA ST HELENA

Chilumba chachitatu chiri cha kuno ku Africa. St Helena ndi kachilumba ka m'nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 1,900 kumadzulo kwa gombe la Angola. Ndiko kumene Angerezi anapitikitsira Dinuzulu, mfumu ya Azulu, mu 1890. Pamenepo pali mtengo wotchedwa Commidendrum robustum, umene kwao ndi pa chilumba chokhacho. Kale inali nkhalango, koma mbuzi ndi nkhwangwa zinaitha, ndipo pofika 1990 inatsala mitengo pafupifupi 2,500.

Mu 1991 anapeza mitengoyo yagwidwa ndi kachirombo koyamwa kochokera ku America, Orthezia insignis, mbale wa kodikodi. Kakakazi kalibe mapiko. Kakoka kumbuyo kathumba koyera konga phula, m'mene muli mazira ake. Kamwa madzi a mtengo ambiri koposa amene thupi lake lifuna, tsono kataya timadzi totsekemera pamasamba, ndipo pa timadzito pamera chuku chakuda ngati mwaye chophimba tsamba. Pofika 1993 mitengo yoposa 100 inali itafa. Kupopera mankhwala kunali kosatheka pa mapiri otsetsereka amphepo, ndiponso kukadapha tizirombo tina tosalakwa timene tikhala pa mitengo yokhayo.

Popeza dzina la mdaniyo linadziwika msanga, akatswiri anangotsegula mabuku. Anapeza kuti pakati pa 1908 ndi 1959 kachikumbu kena kakang'ono kozungulira, Hyperaspis pantherina, kanatumizidwa ku Hawaii, ku Peru ndi ku maiko anai a mu Africa kukadya Orthezia yemweyo. Kenya ndi dziko lathu lino anali pakati pa maiko anaiwo. Kuno anthu sanagwirizane ngati kanathandiza, koma kwina konse kanayamikidwa. Kachikumbuka kaikira mazira pa thupi la Orthezia wamkazi, ndipo mwana wake alowa m'kathumba kaja nadya mazira. Anakatenga ku Kenya, anakaweta ku England, nakatulutsa pa St Helena mu 1993. Pofika 1995 mliri unatha, mitengo nipulumuka. Dzina loona linatsegula nzeru ya zaka zoposa 80.

KUNO KWATHU

Kapena wina alikufunsa kuti za zilumba zitikhudza bwanji ife a kumtunda. Yankho liri m'minda yathu. Matenda a chisaka, amene anatha nthochi zambiri ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Thyolo ndi Mulanje kuyambira m'zaka za m'ma 1990, anadziwika koyamba ku Fiji chaka cha 1900 chisanafike. Afala ndi nsabwe yakuda ya pa nthochi, Pentalonia nigronervosa, yobisala m'makoko pafupi ndi tsinde la masamba. Afalanso ndi anthu onyamula ana a nthochi odwala.

Kodikodi wa chinangwa ationetsa mtengo wake wa kulakwa dzina. Anaoneka ku Congo mu 1973, ndipo mu 1977 anatchedwa Phenacoccus manihoti. Popeza kwao kwa chinangwa ndi ku South America, akatswiri anakafuna adani ake kumeneko. Kumpoto kwa dzikolo anapeza kodikodi wofanana naye, natenga timavu tomudya, koma timavuto tinakana kodikodi wa ku Africa. Atayang'anitsitsa pa galasi anaona kuti unali mtundu wina, ndipo mu 1981 anaupatsa dzina lake, Phenacoccus herreni. Ameneyo ndi wachikasu ndipo ali ndi amuna. Wathu ndi wofiirira pang'ono pansi pa ufa wake, ndipo aswana akazi okhaokha. Chaka chomwecho kodikodi weniweni anapezeka ku Paraguay, ndi kamavu kakang'ono, Anagyrus lopezi, koikira dzira m'thupi mwake. Pamene kodikodi anagwa pa chinangwa cha ku Nkhata Bay cha m'ma 1985, anthu navutika ndi njala, kamavu kameneka ndiko kanatulutsidwa m'minda, nikachepetsa mliriwo. Zaka zimene zinatayika pofuna adani a mbale wolakwika zinali zaka za njala kwa anthu ambiri a mu Africa.

ZOYENERA KUCHITA

Choyamba, yenderani munda wanu sabata iri yonse, m'mawa. Tembenuzani masamba, yang'anani m'nsonga ndi patsinde. Adani ambiri abisala kunsi.

Chachiwiri, mukapeza kachirombo kachilendo, dzifunseni zinai: miyendo ndi ingati, katafuna kapena kayamwa, mapiko ake ndi otani, ndi kamwana kapena kakakulu.

Chachitatu, musanakaphe, onani chimene kalikudya. Tizikumbu tozungulira tonyezimira tamawanga timene mupeza pakati pa nsabwe za m'masamba tirikudya nsabwezo. Ana a tina ta iti avala zoyera ngati kodikodi, koma ayenda msanga ndipo ali ndi nsagwada. Chenjerani komabe, pakuti m'banja lomwelo muli tina tosanyezimira, taubweya, todya masamba a maungu. Mfunda sunena zonse za munthu. Mbozi yakufa yokhala ndi tizikwa toyera pamsana isiyeni, m'menemo mutuluka timavu tothandiza. Kodikodi wouma ndi kulimba ngati kambewu msiyeninso. M'kati mwake muli kamavu.

Chachinai, tengani chitsanzo. Tizirombo tolimba ikani m'bokosi la machesi; tofewa ikani m'kabotolo ka spiriti; gulugufe mpindireni m'pepala kuti timamba ta mapiko tisachoke. Tengani ana ndi akulu omwe, ndi tsamba lodyedwa. Lembani mudzi, tsiku ndi mbewu, nimupereke kwa Alangizi a Zaulimi. Iwo akalephera kukadziwa atumiza ku malo ofufuza za ulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe. Musagule mankhwala musanamve dzina. Safunsa anadya phula.

Chachisanu chiri kwa inu mafumu ndi nyakwawa. Adani ambiri amene tawatchula madzulo ano sanaoloke nyanja ndi mapiko awo; ananyamulidwa ndi anthu m'mbande, m'dothi ndi m'mitengo yobzala. Mudzi wanu ukhale ngati chilumba chokhala ndi mlonda padooko. Mwana wa pamudzi akabwera ku ulendo ndi ana a nthochi, mitengo ya chinangwa kapena mbande za zipatso zosadziwika kumene zachokera, mfunseni, ndipo aone Alangizi asanabzale. Mbewu zolowa m'dziko kuchokera kunja zifuna chilolezo cha Boma. Chisaka chikaoneka, itanani anthu onse kuti azule nthochi zodwala tsiku limodzi monga Alangizi anena, pakuti munthu mmodzi akazula, mnansi wake nasiya, nsabwe zingooloka malire. Ndipo kachirombo kamene akulu a pamudzi sanakaonepo chibadwire, kanenedwe kwa Alangizi tsiku lomwelo, munda ukali umodzi.

Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawa gwirani chiwala chija, muitane ana a sukulu, muwerenge nawo miyendo, muwaonetse nsagwada. Kenaka tembenuzani tsamba la nyemba kapena la mpiru, muwaonetse toyamwa. Mwana wodziwa kusiyanitsa ziwirizi adzasunga ndalama za atate ake, ndipo tsiku lina angakhale iye woyamba kuona mlendo woipa asanamange mudzi.